Bambo wa Ndowa Ziwiri za Mchenga

Kuyambira mu Ogasiti 1971, pamene chitofu cha palafini chinapsereza nyumba ya mlongo wawo, bambo ena a m'lokeshoni ina ya mu Salisbury amasunga ndowa ziwiri za mchenga pakhomo. Amagwira ntchito m'fakitale ku Southerton, ndipo aliyense wowapatsa moni amamufunsa kuti, "Chitofu mwazimitsa?"

Mu 1975 akuluakulu a lokeshoniyo anaitanitsa voti yoti abwereke ndalama zomangira malo a ozimitsa moto ndi a apolisi, zodzabweza pokweza lendi. Bambowa anayenda khomo ndi khomo kukopa mabanja ochokera ku Malawi ndi ku Tete kuti avomereze. Pamsonkhano anakweza manja onse awiri.

Polisi inatha kumangidwa m'miyezi inayi. Woyamba kutsekeredwamo anali mwana wawo Laston, pomuganizira kuti amatumiza anzake kunkhondo ya kutchire.

Bambowa atapita kuofesi kukadandaula, kalaliki anati, "Madala, si inu munakweza manja awiri?"

"Ine ndinavotera madzi," anatero bambowa chapansipansi.

Laston sanatulukebe. Pamalo pomwe panayenera kumangidwa nyumba ya ozimitsa moto anthu adzalapo chimanga, ndipo ndowa zija zikadali pakhomo.