Kachitsulo Kamene Sakiusa Anapaka Penti

Injini ya boti lathu ikakhala bwino, imalavula madzi kumbuyo molunjika ngati ndodo. Sabata ija inkangodontha, tho, tho. Ndinaziona ine, chifukwa chibadwire Ilisapeci palibe chimandidutsa m'maso. Mwanayu ali ndi mphumu, ndipo kuchoka kwathu kukafika kuchipatala cha ku Vunisea ndi maola awiri panyanja yamchere. Injini itazima pakatikati, iye chifuwa chitamutseka, ndingathamangire naye kuti?

Mwamuna wanga Sakiusa anati ndi mantha anga chabe. Ndinangobereka mwana, ulendo kwa azakhali a mwamuna wangayo, a Asenaca.

Mayi amenewa anakhala zaka khumi ndi zinayi mumzinda wa Suva, akutsuka zitsulo pagalaja ya mainjini a maboti pomwe amuna awo ankagwira ntchito. Palibe anawaphunzitsa, ankangoyang'ana. Amunawo atamwalira, anabwerera kuno kuchilumba cha Kadavu ndi bokosi la masipanala, n'kuyamba kulima yaqona, mbewu yomwe mizu yake timapangira chakumwa. Abambo a m'mudzi muno masipanalawo amabwereka, koma nzeru sawafunsa.

Azakhali atafika pagombe anachotsa chivundikiro cha injini, n'kumasula bawuti imodzi pambali, n'kusolola kachitsulo kangati chala chachikulu. Kanali kofiira psuu, ngati boti lenilenilo.

"Wapaka penti apa ndani?"

"Ndine, azakhali," anatero Sakiusa monyadira. "Kankadyeka ndi mchere, ndiye ndinakapulumutsa."

"Wakapulumutsa! Iwe mwana wa mlongo wanga, mutuwo ndi wongonyamulira tsitsi? Aka ndi anodi ya m'kati. Ntchito yake ndi kudyedwa. Mchere ukapeza aka, injini umaisiya. Iwe wakaveka malaya, ndiye mcherewo wakhala ukudya chiyani?"

Anatsegula n'kutionetsa tinjira tomwe madzi oziziritsa injini amadutsamo. Tinali mbuu, totsekeka ndi zinyenyeswa.

"Mereoni, m'patse bambo wake mwanayo," anandiuza. "Iwe bwera ugwire apa, uli ndi maso."

Tinapala tinjirato mpaka masana. Anodi ndinaikwecha ine ndi burashi ya waya mpaka penti yonse inachoka. Azakhali anaitembenuza m'manja, nati ikadali yoposa theka, igwirabe ntchito. "Ikatsika pa theka, itaye, ugule ina. Girisi ayi. Penti ayi. Wamva, bambo wopulumutsa?"

Atakoka chingwe, injini inadzuka, madzi n'kufwamphuka mpaka kumunyowetsa Sakiusa kabudula yense. Ndinaseka mpaka misozi. Lachinayi tinaoloka kukatenga mankhwala a mwana, kupita ndi kubwera, injini osatsokomola ngakhale kamodzi.

Titakocheza tinapeza azakhali pagombe, ndipo Sakiusa anaulula chamumtima kuti nzeru ya penti ija anagawirako anzake asanu akumwa yaqona. Mmodzi mwa iwo ndi amene amayendetsa boti la ana asukulu.

Azakhali anagwira pakamwa.

"Asanu! Mereoni, mawa unyamule burashi ija. Tiyambira boti la ana asukulu. Ndikati ndidikire kuti andiitane, ndifa ndikudikira."