Matenda amene ndinabwereka kwa amalume

Amalume anali ndi kachitini ka soda, kadzimbiri pachivindikiro, kamene ankakamangirira kunsi kwa chishalo cha njinga. Chaka chimenecho nandolo anabereka kwambiri kwathu ku Mongue, ndipo iwo ankakankha matumba awiriawiri kupita nawo kumalire. Akafika pachitunda ankaima, chibakera pakati pa chifuwa, n'kumasisita nsagwada ndi mkono wamanzere, thukuta lili kamukamu ngakhale kukuzizira. Kenaka ankanyambita soda uja. "Chilungulira ichi, mbatata za alongo angazi," ankatero, amayi n'kumaseka.

Ine ndinaonapo malonda. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo kuwerenga Chipwitikizi pamaso pa anzanga ndinkadana nako. Mutu ndi m'mimba ndinali nditagulitsa kale kangapo, kunalibenso wogula. Ndiye m'mawa wina, choko chikulira pabolodi, ndinadzuka: chibakera pachifuwa, nsagwada, mkono, befu. Lero ndimagulitsa nsapato zapakaunjika ngati zangotuluka m'sitolo, koma sewero lokoma ngati limenelo sindinachitenso.

Aphunzitsi sanatole ndodo.

"Iwe, zimenezi si zako. Wazionera kwa yani?"

Mtengo wanga unagwa pomwepo. Ndinaulula.

Masana aphunzitsi aja anatulukira kwathu. Ndimakumbukira makoko a nandolo akuthetheka padzuwa, ndi mawu awo odekha. Amati chilungulira chimawotcha ukadya, mnofu umawawa ukaudina kapena ukatembenuka. Koma chopsinja ngati thumba, chobwera pachitunda, chotsikira kumkono, cha thukuta ndi befu, chimenecho chingakhale mtima, ndipo n'cha kuchipatala tsiku lomwelo.

Amalume anayesa kunenerera. "Nandolo athe kaye, a pulofesolo."

"Pamenepa palibe kunenerera, bambo."

Aphunzitsi anawakweza pamota, njinga yamoto, ulendo wa kuchipatala kutauni, ku Vila. Amalume anakakhalako sabata, n'kubwera ndi mapiritsi, matumba atawaletsa. Anakhala ndi moyo mpaka kudzandinyoza pa ukwati wanga.

Koma tsiku limene ananyamukalo ine ndinakwiya. Kudwala ndadwala ndine, wokwera mota n'kukhala wina, ndipo Chipwitikizi chinkandidikirabe mawa lake. Amayi, amene bodza lililonse ankalilipira ndi kamtengo ka pichesi, sanandikhudze. Anandiphikira dzira, lathunthu, langa ndekha, n'kukhala pambali panga akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Ndinalidya msangamsanga, asanazindikire kuti alakwitsa.