Ndinauza Mwana Wanga Kuti Adzuke

Anandiitana kuti ndikasaine ku ofesi ya olowa ndi otuluka monga mwa masiku onse. Linali Lachiwiri, kumayambiriro kwa Novembala, kukuwaza kamvula ka ku Glasgow kaja kosadziwika ngati kakuyamba kapena kakutha. Ndinakwera basi ku Shawlands nditasiya mbale m'sinki, ndikuti ndikabwera ndidzatsuka. Mayi wa pawindo anayang'ana pakompyuta nthawi yaitali, kenako anati ndilowe pachitseko cha kumanzere, pali timafunso pang'ono. Chitsekocho chinalibe chogwirira cha mkati.

Anandilanda foni ndi lamba, n'kundikweza galimoto yopita kumalo osungirako anthu oti abwezedwe kwawo, kutali ndi tauni. Mlonda amene anandilandira anali waulemu. "Osadandaula bwanawe, ino si ndende," anatero akukhoma chitseko.

Ine ndinabwera kuno kudzaphunzira. Viza inatha, pempho langa lokhala linakanidwa, ndipo ndinali nditachita apilo. Mwana wathu wamkazi anabadwira konkuno, ndipo nthawi imeneyo anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Nkhondo yanga yonse inali pa iyeyu. Ndine mkulu wa mpingo, ndipo ndinkaona ndi maso anga matchalitchi a eni dziko akutsala ndi nkhalamba zokhazokha, lina mpaka kulisandutsa malo omwera mowa. Ndikadutsa ku Pollokshields Lachisanu ndinkaona ana a Asilamu ali pambuyo pa abambo awo kupita kumzikiti, akuyankhula chakwawo. Pa tiyi wa kutchalitchi tinkangoti dziko lino lapita, Asilamu alitenga. Koma chimene chinkandidya chinali china: iwowa akutha bwanji, ine wanga akundiyankha m'Chingerezi cha m'mphuno? Ndinaika lamulo m'nyumba kuti wondiyankhula Chingerezi sindimuyankha. Ndinkakalipa mpaka mayi ake kundigwira mkono.

Tsiku lachitatu anandiitanira m'kachipinda kofunsira mafunso. Ofisala wake anali wofatsa. Anafunsa ngati mwanayo amamva Chichewa, ngati amadya zakwathu, ngati amawadziwa achibale a ku Malawi. Ine n'kudzitukumula, ndimvekere pamenepo ndiye tikuyesetsa kwambiri. Iye analemba zonse, n'kundithokoza.

M'chipinda ndinkagona ndi bambo wina wachikulire, Msilamu wa ku Pakisitani, amene kale ankadula nyama m'butchala ku Pollokshields komweko. Ankayala thaulo pakati pa mabedi athu n'kumapemphera, ine n'kutembenukira kukhoma. Tulo sindinkatipeza. Masana ndinkangozungulira bwalo ngati nkhuku yofuna poikira. Nditamufotokozera bamboyo za mafunso aja anagwira kumutu. Anati funso lawo ndi limodzi: kodi mwanayu mutamutengera kwanu angazolowere? Akaona kuti angazolowere, banja lonse limapita.

"Anga ndinawaphunzitsa bwino," anatero. "Chiyankhulo, mapemphero, zonse. Ndiye anati palibe vuto, akakhala bwinobwino kwawo."

Anamutenga Disembala asanafike pakati. Thaulo lake analisiya atalipinda pabedi.

Sabata yotsatira mkazi wanga anabwera ndi mwana kudzandiona. Chipinda cha alendo chinali ndi timatebulo tomangirira pansi, ndipo mlonda anaima pafupi nafe, manja kumbuyo. Mwana uja atandiona sanandithamangire. Anayenda pang'onopang'ono, nafika patsogolo panga, n'kugwada pansi, mawondo onse awiri. Anagwira chigongono ndi dzanja lina monga amachitira ana olangidwa kwathu.

"Mwaswera bwanji adadi? Ife tili bwino. Takusowani kunyumba."

Mawu onse anali m'malo mwake. Pambuyo pake ndinamva kuti anakhala akuyeserera ndi mayi ake madzulo aliwonse chinditsekereni, kuti adadi akasangalale. Zaka zonse zija ndinkalirira zimenezi. Koma maso anga anali pa mlonda, ndipo m'mutu munali bambo wa thaulo uja. Kaya mlondayo ankamvetsera, kaya ankaganiza za nkhomaliro yake, sindidziwa mpaka lero. Ndinamuuza mwana wanga m'Chingerezi, mokweza, kuti adzuke, asiye zopusazo, ayankhule bwinobwino.

Anadzuka. Anasasa mawondo, n'kukhala pampando. Sanalire. Nthawi yonse yotsala anangoyang'ana makina ogulitsa zakumwa, mayi ake akundiyang'ana ine.

Mu Januwale ndinaonekera pamaso pa woweruza kudzera pakanema. Loya wanga anandifunsa mafunso omwe aja, ndipo ndinayankha zosiyana. Ndinati mwanayo Chichewa sachidziwa, ku Malawi sanapondeko, anzake onse ndi a kuno, ndi mwana wa ku Glasgow basi. Zambiri mwa zimenezo zinali zoona, ndipo n'zimene zinandiwawa. Woweruza anafunsa za mayankho anga oyamba aja. Ndinati ndinkangodzitama monga bambo.

Ananditulutsa pa belo mu Febuluwale. Mlonda waulemu uja anandibwezera lamba, n'kunena kuti asadzandionenso. Patapita miyezi anatipatsa mapepala okhala, ndipo chifukwa chimene analemba chinali mwanayo.

Lero ndimayenda mumsewu osacheuka m'mbuyo. Ndimagwira ntchito, ndimakhoma ndekha chitseko changa. Ufulu umenewu ndi weniweni, sindingaunyoze, ndinaona kusowa kwake. Koma mtima sunakhale pansi. Akulu anzanga akayamba ija yoti ana athu atayika ndipo Asilamu okha ndi amene agwiritsa, ine ndimanyamuka kukatsuka makapu. Ndinamuona munthu amene anagwiritsa, ndinaonanso kumene anam'pititsa.

Mwana wanga ali ku sekondale tsopano. Ndinamufotokozera zonse, kangapo konse, za mlonda ndi za funso lija. Amati akumvetsa, palibe nkhani. Amandikonda, amandiphikira tiyi, timaseka. Koma m'mawa uliwonse ndimamupatsa moni m'Chichewa, iye n'kuyankha mwaulemu m'Chingerezi. Ndikudziwa kuti mawu aja akadali nawo, chifukwa ndinawamva ndi makutu anga. Kungoti ine sadzandiuzanso.