Madzi Amene Amayi Anapatsa Amalume

Mbale ija inali yachitsulo, yoboola pakati ndi msomali. Inali yoyera, koma mbali zina anazipaka utoto wakuda, ndipo chingwe chake chinali ndi mfundo kuyambira pansi mpaka pamwamba. Sitinkadyeramo. Inkakhala kuseri kwa chitseko, ndipo mwa ana tonse ndine ndekha ndinkaloledwa kuinyamula.

Chaka chimenecho madzi osefukira anapita ndi chimanga chathu cha kudimba. Mudzi wathu wonse, kwa Makhuwira, unatsala kudalira thamanda lalikulu limene Shire amasiya akabwerera m'njira yake. Amuna ankagwiramo milamba ndi mphende. Akazi ankamira kuzula nyika, timizu takuda ta maluwa a m'madzi, tomwe tinkaphika pamene ufa unalibe. Mjigo utawonongeka tinayambanso kumwa momwemo.

Azaumoyo anabwera pa njinga kudzafuna munthu wodzipereka woti aziyang'anira madziwo. Atanena kuti malipiro palibe, anthu anayamba kuyang'ana zala zakumapazi. Amene anakweza dzanja ndi amayi anga. Mpaka lero zimandidabwitsa, chifukwa manyazi amene ndili nawowa ndinatengera iwowo. Anali munthu woti akafika pamsonkhano ankakhala kumbuyo kwa anzawo.

Tinkapita m'mawa dzuwa lisanakwiye, pa bwato la amalume, lomwe kwathu timati mwadiya. Ndimakumbukira fungo la matope, namasupuni akukhula m'mbali mwa bwato, ndi akakowa atayima ndi mwendo umodzi. Tikafika pakati, amayi ankatsitsa mbale pang'onopang'ono mpaka itasowa m'maso, ine n'kuwerenga mfundo zimene zamira kuti tidziwe kuyera kwa madziwo. Kenako ankanunkhiza madzi, kuyang'ana ngati pali nsomba zakufa, n'kutunga m'botolo loti azaumoyo apite nalo kuboma. Pobwerera, asodzi a padooko sankatisiya.

"Nanga mayi, lero madzi alemera makilo angati? Tigulitse limodzi ndi thonje?"

Amayi ankangotseka pakamwa ndi chitenje. Ine ndinkanyamula mbale pamutu ngati katundu wa boma, ndipo kusukulu ndinkauza aliyense kuti amayi anga amayeza madzi.

Itafika nyengo yopopera thonje, zinthu zinasintha. Mbale inkamira ngati kale, madzi akuoneka oyera bwino. Koma pakona ya bango, pafupi ndi pamene akazi ankazula nyika, tinsomba tinayamba kuyandama mimba zili kumwamba. Achule a pamenepo anasiya kulira. Akazi akatuluka m'madzi ankadzikanda mpaka kutupa, ndipo mlongo wanga wamng'ono anasanza kwa masiku angapo. Panali kafungo kena kowawa m'mphuno, ngati ka m'nyumba yosungira mankhwala.

Tsiku lina tinawapeza amalume ali pamenepo, akutsuka pampu yawo yopopera thonje. Thovu loyera linkayenda kulowa m'bango.

Amalumewa sanali munthu wamba kwa ife. Ndiwo analera amayi makolo awo atamwalira, ndiwo anali ankhoswe a ukwati wawo, ndipo popeza bambo ankagwira ntchito ya nzimbe kutsidya, mwana akadwala tinkathamangira kwa iwo. Analinso mkulu wa alimi a thonje, choncho chimene iwo achita anzawo ankatsatira. Amayi anapita kunyumba kwawo madzulo, nagwada pakhomo, nawauza mwaulemu. Amalume anaseka.

"Mlongo, thamanda lonselo lingaope kapampu kamodzi? Kapena mbale yakoyo yanditchula dzina?"

Anapitanso kachiwiri. Yankho linali lomwelo.

Azaumoyo atabwera ndi zotsatira za botolo, anaitanitsa msonkhano padooko, pansi pa mtengo wa nimu. Ananena kuti m'madzimo muli mankhwala a thonje, nafunsa ngati alipo waona amene akuwathira. Aliyense ankadziwa. Maso onse anali pa amayi. Tsopano poti ndakula ndikumvetsa chimene ankadikira: kwathu mkazi satchula mchimwene wake pagulu ngati wolakwa, ndipo akatero amatsala wopanda womuyankhulira pa maliro kapena pa mlandu.

Amalume anafika mochedwa, thukuta lili chuchuchu, akuchokera kumunda. Atangokhala, amayi anadzuka, natenga chikho, nayenda mpaka pakona ya bango paja aliyense akuona. Anatunga, nabwerera, nagwada pamaso pa amalume monga timachitira ndi munthu wamkulu amene wayenda padzuwa.

"Achimwene, mwatopa. Imwani madzi."

Amalume anagwira chikho, nachiyandikitsa kumaso. Ndinaona mphuno yawo ikukwinyika. Anayang'ana amayi kwa nthawi yaitali, kenako anapendeketsa chikho, madzi n'kutayika pa dothi.

"Ndamva," anatero. Ananyamuka n'kumapita.

Sabata yomweyo anakumba dzenje kumunda kwawo, kutali ndi thamanda, lotsukira mapampu, ndipo alimi ena anatsatira. Pomwe thonje linkatumbuka, achule anali atayambiranso phokoso lawo, ndipo akazi ankazula nyika osadzikanda. Koma amalume anamanga mwadiya wawo ndi unyolo. Akakumana ndi amayi panjira ankayankha moni ndi mutu wokha, ndipo zinatenga nthawi yaitali kuti adzakhalenso pakhonde pathu. Amayi sanasiye ntchito. Tinayamba kubwereka bwato lodontha la mayi wina wamasiye, ine ndikukapa madzi ndi chitini, iwo akupalasa.

Ndili ndi mwana wanga tsopano, ndipo ndikamutungira madzi ndimayamba ndanunkhiza. Anzanga amaseka. Koma ine mumtima ndimadziwa kuti ndine mwana wa ndani.

Pa tsiku la msonkhano lija ndinaima pafupi, ndipo ndinaona kuti amalume atagwira chikho, amayi sanachisiye. Manja awo onse awiri anali pansi pake, zala zitauma gwa. Ndinaganiza kuti ndi ulemu chabe, ndipo ndinakwiya pang'ono kuti akuwalemekeza bwanji munthu amene wawaseka. Sindinadziwe kuti amayi ankawadziwa bwino achimwene awo, kuti anali munthu woti akhoza kumwa madziwo pofuna kuthawa manyazi. Ankagwira chikhocho kuti chikangofika pamlomo, achilande.