Chikwama pa kaliyala ya a Sankhani

Mukakwera njinga ya a Sankhani, a kabaza a pa Thambani, wailesi simuyifunanso. Amapalasa chitunda pakamwa pali yaviyavi, ndipo nkhani imene ena amanong'ona iwo amaikamba mokweza: sabereka.

Kwawo n'kwa Kanduku, koma anakakhala chikamwini kwa akazi awo, a Deliwe. Zaka zinadutsa m'nyumbamo musanalire khanda. Mwa chizolowezi chathu choipachi, zala zonse zinaloza mkazi. A Deliwe anamwetsedwa mizu yowawa ya asing'anga a kuno ndi a ku Mozambiki, mpaka mayi wa eni kuonda ngati nkhuni. Zinawapweteka mtima a Sankhani. Ananyamuka mwakachetechete kukayezetsa ku Blantyre, ndipo adokotala sanapite m'mbali: mbewu zawo zaumuna zinali zochepa kwambiri.

Pobwera anapeza malume awo, a Timoti, ataitanitsa ankhoswe kuti ukwati uthe, a Sankhaniwo akapeze mkazi wobereka. A Sankhani ankadziwa kuti akangokhala chete achoka ndi ulemu, manyazi n'kutsalira a Deliwe. Akaulula, wopirikitsidwa akhala iwowo, poti mkamwini wosabereka pamudzi pa eni alibe mpando. Tsiku la mlandu anamangiratu chikwama cha zovala pa kaliyala.

A Timoti atangoyamba, a Sankhani anawadula. "Pepani amalume, mwalasa polakwika. Wovuta ndine. Kuchipatala andiyeza. Mayiwa mwawamwetsa zowawa pachabe."

"Iwe, mwamuna saulula zimenezo pagulu!" anakalipa a Timoti.

"Ndaulula kale. Ngati akundichotsa, katundu wanga ndi uyo."

Ankhoswe a kuchikazi, amene anabwera nkhope zili pansi, anayamba kukhosomola monyada. Mmodzi anauza a Deliwe kuti njira yatseguka, angonena mawu.

A Deliwe anadzuka pamphasa, nalowa m'nyumba, natuluka ndi botolo la mizu ija. Analikhuthulira pansi anthu onse akuona. Kenaka anapita pa njinga n'kuyamba kumasula malamba omangira chikwama chija.

"Ine zowawa ndinkamwa mokakamizidwa," anatero. "Awa ameza zawo mwakufuna kwawo, chifukwa cha ine. Mwamuna wotere mundipezera kuti?"

Mpaka lero mwana alibe, ndipo anyamata a pa siteji amawaseka kuti anagwa m'papaya. A Sankhani amaseka nawo, n'kuliza belu, ulendo kwawo. Chikwama chija a Deliwe amasungiramo mbewu ya mtedza.