Telala wa kuseri kwa mpanda

Amalume anga ndi telala, ndipo kwa zaka makumi awiri sanaikepo chikwangwani. Makina awo ankakhala pakhonde la nyumba ya lendi, m'kanjira kopita kumsika, komwe nyumba zinathithikana moti mnzako akayetsemula, wopukuta kumaso umakhala iwe. Anthu ankadutsa pamphuno pawo tsiku lonse, iwo maso ali pa zovala. Akaona msoko womasuka ankaitana mwini wake ngati m'bale, n'kumunong'oneza kuti kumbuyoko zinthu sizili bwino. Posakhalitsa munthu uja amakhala ali pabenchi atadzikulunga nsalu, thalauza lili pamakina.

Koma amalume ankadana nako kumaloko. Phokoso, fumbi, ana a eni ake. Ankati munthu wolemekezeka amakhala kumpanda. Anapeza puloti kumene tauni ikuthera, kupitirira pomwe minibasi imatembenukira, ndipo anamaliza mpanda nyumba isanafoleredwe. Akazi awo atafunsa kuti makasitomala azidzafika bwanji, anawayankha kuti ntchito yabwino imadziitanira yokha.

Inadziitaniradi. Mwezi woyamba kunabwera mbuzi.

Kumeneko kulibe woyenda pansi. Ukafuna singano kapena mchere ndi ulendo wa ola lathunthu, m'mphepete mwa msewu wopanda mthunzi, magalimoto akukuthira fumbi lomwe lija analithawa. Olemekezeka anzawo amatuluka pageti ali kale m'galimoto, magalasi otseka. Amalume anayesa kukhala panja pa geti, tepi ili m'khosi, koma munthu wa m'galimoto amaoneka mapewa okha. Ngati thalauza lake lang'ambika, wodziwa ndi mpando wa galimotoyo.

Ndinapitako Loweruka lapitali. Ndinayamba ndi kuseka, koma kenako chisoni chinandigwira. Makina anali ataphimbidwa ndi nsalu, pamwamba pake ataikapo maluwa apulasitiki. Tili mkati mocheza, wina anagogoda pageti, ndipo amalume anathamanga osavala n'komwe nsapato, tepi ili m'manja. Anali bambo wina wosochera, thukuta lili kamukamu, akufunsa njira ya kusiteji.

Amalume anamulozera njira bwinobwino. Bamboyo atatembenuka, anamuperekeza ndi maso mpaka anakhota.

"Thumba lakumbuyo lija msoko wayamba kumasuka," anandiuza motsitsa mawu.

Ndinawafunsa chifukwa chake sanamuitane.

"Ulusi unatha, mphwanga. Ndikaugula kuti kuno?"