Amalume Anga, Mboni ya Mbali Zonse Ziwiri

Amalume anga a Goodson Chimbalanga ndi dalaivala. Anayamba ndi minibasi za pakati pa Limbe ndi Blantyre ali mnyamata, kenako anayendetsa galimoto za bungwe lina ku Ntcheu kwathu, ndipo kuno ku Doha akhalako zaka zingapo ndithu. Ndi munthu waukhondo wotichititsa manyazi achinyamatafe: malaya oyera osita bwino, nsapato zoti ungadziyang'anirepo nkhope. Sindinawamvepo akukweza mawu, ngakhale wina awapingase pamsewu. Kumudzi ndiwo mwini mbumba. Pakabuka nkhani amayi amangoti, "Tidikire achimwene aimbe foni," basi aliyense n'kukhala chete.

Ine ndine Doris, mwana wa mlongo wawo, namwino pa chipatala china konkuno. Chimene chinandimangirira kwa amalume chaka chimenecho ndi nkhani ya Brave, mnyamata wa ku Rumphi amene amalondera nyumba ina yaitali ku West Bay. Tinagwirizana zokwatirana, koma amayi atamva anakana kwamtuwagalu. Akuti sanandiphunzitse kuti ndikagwere mlonda, komanso anthu akumpoto amalowola, ndiye zidzukulu zawo zidzakhala za eni ake. Ndinathamangira kwa amalume misozi ili chuchuchu. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, n'kunena kuti, "Ukunena zoona, mwanawe. Nkhani imeneyi isiye m'manja mwanga." Ndinawakhulupirira ndi mtima wonse, moti Brave anauza akwawo kuti akonzekere ulendo wa ku Ntcheu mu Disembala, kukaonekera.

Mabwana a amalume ndi banja la ku Amereka lokhala ku The Pearl, bambo Grayson amene ndi injiniya ndi mayi Callista amene ndi mphunzitsi. Awiriwa amagwirizana pa zonse kupatula mpira wakwawo, uja wooneka ngati papaya, wosewera anthu ovala zisoti. Timu amasapota imodzi, ya mzinda umene anabadwira, koma chimene chimawayambanitsa ndi kochi. Pa mpira umenewu timu imapatsidwa mipata inayi kuti isunthire kutsogolo, ndipo mpata uliwonse kochi ndiye amasankha chochita: mpira auponye m'mwamba wina akauwakhe, kapena aupatse chimphona chimodzi chiukhwapatire n'kubowola nawo khoma la anthu. Bambo Grayson amati kochi wawoyo amaponyetsa mpira mopusa ngati akufesa mapira. Mayi Callista amati kochiyo ndi wamantha, amathamangitsa anyamata pakhoma pamene akanaponya.

Amalume amatenga bamboyo m'mawa, n'kubwerera kudzatenga mayiyo. Aliyense akalowa m'galimoto amatsegula pulogalamu ya pa foni momwe ochemerera timuyo amaimba n'kumalalatira kochi, ndipo aliyense amakhala ndi pulogalamu yake yogwirizana ndi mtima wake. Tsono munthu sungakwiye wekha m'galimoto muli mnzako, ndiye amafunsa dalaivala.

Lachisanu tikakumana Amalawi ku Madinat Khalifa tikatha mapemphero, amalume ankayerekedwa nazo zimenezi.

"Boss wanga sangamalize kukamba za game osandipanga consult," ankatero akupukusa kiyi. "Madam nawonso chimodzimodzi. Amati Goodson, what do you think? Ine ndikangoyankha, khalas, nkhani yatha."

Anthu ankaseka, koma ine ndinkanyadira. Ndinkati mumtima, ngati azungu awiri ophunzira amagonja pa mawu a munthu ameneyu, amayi anga a ku Ntcheu ndi ndani?

Chakumapeto kwa Novembala banjalo linali ndi chikondwerero chakwawo chodya nkhukundembo, ndipo mayi Callista anati amalume abwere ngati mlendo, abweretsenso mwana wa mlongo wawo uja amamutchulatchula. Amalume anandiimbira katatu konse kundikumbutsa. "Uvale bwino, ukaone wekha mmene amandipatsira respect."

Linali Lachisanu masana. Masewero anali atachitika kale ku Amereka, koma iwo anawajambula, ndipo mlendo aliyense analamulidwa kuzimitsa foni kuti asadziwe zotsatira. M'nyumbamo munali anthu ngati khumi, ambiri atavala malaya a timu. Amalume anawapatsa mpando wabwino pafupi ndi wailesi yakanema. Anakhala cham'mphepete mwa mpandowo, mbale ili pamaondo, akumwetulira aliyense. Anzawo akakuwa iwonso ankakuwa, koma ndinaona kuti mawu awo ankachedwa pang'ono, ngati munthu woimba nyimbo imene sakuidziwa.

Mpira utatsala pang'ono kutha, timu yawo inafika pafupi penipeni ndi mzere wogoletsera, itatsala ndi mpata umodzi. Kochi anabisa pakamwa ndi pepala n'kulamula. Mpira unaponyedwa m'mwamba, ndipo anauwakha ndi mdani. Timu inaluza pomwepo.

Bambo Grayson anadzuka nkhope ili psuu. Ankalankhula Chingerezi chothamanga, koma ndinamva zonse. Anati mwana wa sukulu yamkaka akanadziwa kuti pamtunda waufupi chotere mpira umathamangitsidwa, ndipo kochiyo achotsedwe asanafike ndi kunyumba komwe. Mayi Callista anati ayi, kuponya kunali bwino, cholakwika n'chakuti kochi anadikira mpaka mapeto, atawononga masewero onse akugunditsa anyamata pakhoma. Alendo anagawikana. Wina anati vuto ndi woponya mpira, wina anati kochi amawerengeka ngati kalendala, mdani aliyense amadziwa chimene chikubwera. Nkhukundembo inazizira patebulo anthu akulozana zala.

Kenako bambo Grayson anatembenuka.

"Funsani Goodson! Munthu uyu si wa ku Amereka, alibe mbali, koma tsiku lililonse amandiuza kuti mpira uzithamangitsidwa. Goodson, auze."

Mayi Callista anaseka. "Goodson wake uti? Goodson amagwirizana ndi ine. Dzana lomweli amati kochi amene saponya ndi wamantha. Si choncho, Goodson?"

Maso onse anali pa amalume. Iwo anayang'ana bwana, anayang'ana dona, anayang'ana mbale. Anasuntha foloko kuichotsa kumanja kuiika kumanzere. Ine ndinkapemphera kuti anene chilichonse, ngakhale cholakwika, bola chikhale chawo.

"Sir is right," anatero motsitsa mawu. Atakweza maso n'kukumana ndi a mayi Callista anawonjezera kuti, "Madam also is right."

Chiseko chimene chinaphulika pamenepo sindidzachiiwala. Sichinali chankhanza, ndipo n'chifukwa chake chinawawa kwambiri. Mlendo wina anawamenya paphewa n'kunena kuti munthu uyu akanakhala kazembe. Mayi Callista, misozi yachiseko ili m'maso, anawafunsa mwachikondi kuti, "Koma Goodson, zaka zonsezi, mpirawu umaumva?" Amalume anamwetulira kumwetulira kwa munthu woponda minga pagulu, n'kupukusa mutu. Bambo Grayson sanaseke nthawi yaitali. Anangoti, "Ine ndimayesa umanena zochokera mumtima," n'kupita kukhitchini.

Manyazi anandigwira kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Mwini mbumba wathu, munthu amene akatsokomola pa foni mudzi wonse umakhala pansi, anali atasanduka choseketsa cha pa chakudya. Ndinawamvera chisoni, inde, koma pansi pa chisonicho panayamba kutukusira china. Mapanga awiri avumbwitsa, tsono ine ndinali nditabisala m'phanga la munthu wotere.

Tinatsazika dzuwa lisanalowe. Titafika poimika galimoto anatulutsa kansalu n'kuyamba kupukuta chiwongolero chimene chinali choyera kale.

"Azungu samvetsa," anayamba okha. "Kwathu munthu wamkulu sumutsutsa pamaso. Komanso iwe ukudziwa, contract yanga ili m'manja mwawo. Boss akakwiya, yalla, airport. Ndiye munthu umangoti yes sir, yes madam, mafi mushkila, palibe vuto, tsiku lathako."

"Zimenezo ndamva, amalume," ndinatero. "Koma amayi si boss wanu. Munawauza chiyani za Brave?"

Kansalu kanaima.

"Nkhani ija ndikuipanga handle."

"Sindinafunse zimenezo. Amayi atakuimbirani, munawayankha kuti chiyani?"

Poyankha sanandiyang'ane.

"Mayi ako ankalira, Doris. Munthu akulira umuuza chiyani? Ndinawauza kuti asade nkhawa, ukwati umenewu suchitika ine ndili moyo."

Ndinawafunsa kuti nanga anthu a ku Rumphi akafika ku Ntcheu mu Disembala, atavala masuti, adzawalandira ndani? Iwo anati ankaganiza kuti pofika nthawiyo mmodzi wa ife adzakhala atatopa, kaya ine kaya amayi, nkhani n'kudzithera yokha popanda wokhumudwa.

Ndinalankhula mawu amene mwana sayenera kulankhula kwa malume wake, ndipo sindiwabwereza pano. Iwo sanandidzudzule. Ndikanakonda akanandikalipira, akanati khala chete mwana wopanda mwambo, kuti ndione kuti muli munthu m'malaya oyerawo. Anangoliza galimoto n'kuyendetsa bwinobwino monga mwa masiku onse, manja onse awiri pachiwongolero, khosi litalowa m'mapewa. Ndinawayang'ana cham'mbali n'kuona imvi zimene ndinali ndisanazionepo. Munthu ameneyu wakhala akunyamula anthu kuyambira ine ndisanabadwe, aliyense kumufikitsa kumene akufuna, ndipo palibe amene anamufunsapo kumene iye akufuna kupita. Zimenezo ndinazimvetsa, koma mkwiyo sunathe.

Tili pa maloboti a ku West Bay ndinayatsa foni, ndipo nthawi yomweyo inalira. Amalume anaona dzina la Brave pagalasi la foniyo n'kutembenukira kuwindo.

"Zayenda bwanji ku party?" anafunsa Brave mosangalala. "Adada akufunsa date yeniyeni, akufuna apange book bus. Amalume ati bwanji?"

Ndinadikira pang'ono, mwina munthu wamkulu atambasula dzanja kuti alankhule yekha. Dzanja silinachoke pachiwongolero.

"Uwauze adada asagule kaye matikiti," ndinatero. "Kwathu kulibe amene akuwadikira."

Maloboti anasintha, galimoto za kumbuyo zinayamba kuimba mahutala, koma amalume sananyamuke.